Maso a Anzathu Achialubino

Tikamakamba za anzathu achialubino, ambirife timathamangira nkhani ya khungu ndi dzuwa. Ine ndati tikambeko za maso awo, pakuti mwana wachialubino nthawi zina amayesedwa mbuli m'kalasi, chonsecho vuto lake ndi lakuti sakuona zolembedwa pa bolodi. Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno. Si ochepa ayi.

Chimene chimadetsa khungu ndi tsitsi lathu chimatchedwa melanin. Chomwechi chimafunikanso m'diso, maka pamene diso likuumbika mwana ali m'mimba. Melanin ikachepa, kachigawo ka mkati mwa diso kamene timaonera tinthu ting'onoting'ono sikakhwima bwino. Kuwalanso kumalowa kochuluka, ngati m'nyumba yopanda makatani. N'chifukwa chake mnzathuyo amatsinzina padzuwa la mu Okutobala ku Liwonde kapena ku Ulongwe. Kawirikawiri maso ake amagwedera uku ndi uku mwa iwo okha, ndipo amapendeketsa mutu kuti apeze mbali imene akuonera bwino. Si mwano umenewo, aphunzitsi.

Kunja kwa kalasi nkhani ndi yomweyo. Pa depoti ya Balaka sangawerenge msanga chikwangwani cha minibasi. Podutsa msewu zimamuvuta kudziwa ngati kabaza ali pafupi kapena patali. Mukamupatsa moni muli patsidya iye n'kungopitirira, musati ngonyada: nkhope yanu sanaizindikire.

Magalasi amathandiza, koma sathetsa vuto lonse, chifukwa gwero lake lili mkati mwa diso. Chosangalatsa n'chakuti chialubino sichichititsa munthu kukhala wosaoneratu, ndipo ambiri amawerenga zilembo wamba, bola zikhale zikuluzikulu. Kuyandikiza buku kumaso sikuwononga maso. Inu makolo musamuletse.

Zofunika zambiri sizilira ndalama. Mwanayo akhale kutsogolo, pamene kuwala kwa pawindo sikukumuthobwa m'maso. Aloledwe kuvala chipewa chake chakhonde ngakhale m'kalasi, ndiponso kunyamuka kukayang'anitsitsa pa bolodi. Mphunzitsi alembe zilembo zazikulu ndi choko choyera pa bolodi yakuda bwino, nazitchula mokweza polemba. Bungwe la MANEB limakonza mapepala a mayeso a zilembo zikuluzikulu, koma sukulu iyenera kunena za mwanayo pa nthawi yolembetsa mayeso, osati m'mawa wa tsiku lolemba.