Cartagena: mzinda umene unadzuka pofukula pansi pake

Ambiri okonza ulendo wa m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean ku Spain amayambira ku Barcelona, n'kutsikira ku Valencia ndi Alicante, kenako n'kulumphira ku Málaga. Cartagena, mzinda wa anthu oposa 200,000 m'chigawo cha Murcia, amangoulambalala, ndipo chifukwa chake n'chosabisika. Ndi mzinda wantchito: padoko pake pamakocheza sitima zankhondo, kampani ya Navantia imapangirapo sitima zoyenda pansi pa madzi, ndipo kuseri kwa phiri, ku Escombreras, kuli fakitale yaikulu yoyenga mafuta. Komabe mwa mizinda ya kugombe limeneli, Cartagena ndiyo yasonyeza bwino koposa mmene nyumba zamakono zingakhalire pamodzi ndi malinga akale. Kuno omanga atsopano anavomera kukhala khomo lolowera ku zakale, osati kupikisana nazo, ndipo ndikuona kuti anasankha bwino.

Kuti umvetse mzindawu uyenera kuyamba wakwera pa Concepción, phiri lalitali pa timapiri tisanu timene mzinda wakale unamangidwapo. Uli pamwamba pa linga lake, maso okha amakuuza chimene chinakopa mafumu: doko lakuya, lobisika, lokhala ndi khomo lopapatiza, ndipo pa mapiri a mbali zonse ziwiri pali malinga ena, Galeras ndi San Julián, oyang'anira khomolo. Chakum'mawa kuli mapiri a siliva ndi mtovu. Ndi zimenezi zimene zinachititsa Hasdrubal, kazembe wa ku Carthage, mzinda umene unali kumene lero kuli Tunisia, kukhazika mzinda pano cha m'ma 227 B.C. n'kuutcha Qart Hadasht, kutanthauza mzinda watsopano. Hannibal, kazembe wina wa ku Carthage, ananyamukira pompano mu 218 B.C. ndi asilikali ndi njovu zake popita kukamenyana ndi Roma, ndipo mu 209 B.C. Scipio, kazembe wa Aroma, analanda mzindawu. Linga limene lilipo lero linamangidwa asilikali a Castile atatenga mzindawu m'manja mwa Asilamu mu 1245, koma ukayang'anitsitsa makoma a nsanja yake upeza miyala yosemedwa ndi Aroma, ina ili ndi zilembo zawo. Kumanga pamwamba pa zakale, ndi miyala ya zakale, n'chizolowezi cha mzinda uno kuyambira kalekale.

Mavuto nawo sanausiye. Mu 1873 Cartagena inaukira boma, ndipo mizinga ya boma inaugumula kwa miyezi mpaka unagonja mu Januwale 1874. Ndalama za migodi ya ku La Unión zinaumanganso, ndipo nyumba zokongoletsedwa zimene anajambula Víctor Beltrí, monga Casa Cervantes ndi Gran Hotel, n'za nyengo imeneyo. Pa nkhondo yapachiweniweni ya 1936 mpaka 1939 ndege zinauphulitsa kambirimbiri chifukwa munali likulu la sitima zankhondo za boma la Republic. Koma chimene akuluakulu a lero amakumbukira ndi 1992. Chaka chimene Barcelona inkachititsa masewero a Olympic ndipo Seville inkalandira dziko lonse pa chionetsero chachikulu, ku Cartagena mafakitale anali kutsekedwa. Pa 3 Febuluwale, antchito ochita zionetsero atalimbana ndi apolisi tsiku lonse, nyumba ya malamulo ya chigawo cha Murcia, imene ili mu Cartagena momwemo, inayaka moto.

Nthawi imeneyo n'kuti chuma china chitayamba kale kuonekera pansi pa phiri la Concepción. Mu 1988, pokumba malo oti amangepo nyumba ya ntchito zamanja, akatswiri ofukula zakale anapeza miyala imene pambuyo pake inadziwika kuti ndi ya bwalo la zisudzo la Aroma. Bwaloli linamangidwa pakati pa 5 ndi 1 B.C. polemekeza Gaius ndi Lucius, adzukulu a mfumu Augustus, ndipo munkakhala anthu pafupifupi 6,000. Linaiwalika kotheratu: pamwamba pake panamangidwa msika, kenako nyumba za anthu, ndiponso mbali ina ya tchalitchi chakale cha Santa María. Ntchito yomanga nyumba yosungiramo zofukulidwazo inapatsidwa kwa Rafael Moneo, katswiri wojambula nyumba amene analandira mphoto ya Pritzker mu 1996, ndipo chimene iye anachita ndicho mtima wa nkhani ino. Mlendo salowa m'bwalo mwachindunji. Amalowera pa nyumba yakale ya Riquelme, moyang'anizana ndi nyumba ya khonsolo, n'kudutsa m'kanjira kapansi pa msewu. Akatero amakwera pang'onopang'ono m'zipinda zowala mmene muli maguwa a mwala woyera ndi mitu ya zipilala, n'kulowanso m'ngalande ina yodutsa kunsi kwa tchalitchi chogumukacho, mmene makoma a mibadwo yosiyana asanjikizana ngati mikate. Pomaliza amatulukira mwadzidzidzi padzuwa, pakati pa masitepe a bwalolo, lonse lili poyera. Nyumba ya Moneo, yotsegulidwa mu 2008, ntchito yake ndi kukuperekeza, ndipo ikakufikitsa imatsalira kumbuyo.

Yerekezani ndi Valencia, kumpoto kwa gombe lomweli. Kumeneko nyumba zoyera za Santiago Calatrava, zotchedwa Ciutat de les Arts i les Ciències, zimaimitsa munthu ndithu, koma zinadya ndalama zoposa mayuro 1 biliyoni, kangapo kuposa zimene zinanenedwa poyamba, ndipo mu 2013 matailosi a pa nyumba yake ya zoimbaimba anayamba kuyoyoka. Nyumba zotere zikhoza kunyamulidwa n'kukaikidwa mumzinda wina uliwonse osataya kanthu. Za ku Cartagena sizingasunthe, chifukwa iliyonse inamangidwa poyankha chinthu chimene chinalipo kale. Chikepe cha mamita 45 chokweza anthu ku linga chaima pakhomo pa mapanga amene anthu anakumba m'phirimo pothawa mabomba a ndege, ndipo mapangawo lero ndi malo okumbukira nkhondoyo. Pa phiri la Molinete denga lamakono laphimba mabafa ndi makoma a Aroma kuti mvula ndi dzuwa zisawawononge. Yunivesite ya zaumisiri, yokhazikitsidwa mu 1998, sinathawire kunja kwa mzinda. Inalowa m'chipatala chakale cha asilikali apamadzi ndi m'nyumba zakale za asilikali, n'kubwezera achinyamata pakati pa tauni pamene panali patayamba kuzizira. Padoko pali ARQUA, nyumba ya Guillermo Vázquez Consuegra yosungiramo zofukulidwa pansi pa nyanja. Mmenemo ndimo munafikira mu 2012 makobidi a siliva ndi golide a sitima ya Nuestra Señora de las Mercedes, imene Angelezi anamiza mu 1804, Spain itapambana mlandu m'makhoti a ku United States.

Pali otsutsa, ndipo mfundo zawo si zozipeputsa. Yoyamba ndi yakuti pamwamba pa bwalo la Aroma pankakhala anthu, ambiri a iwo osauka, ndipo nyumba zawo zinagwetsedwa kuti miyala ioneke. Zimenezi n'zoona, ndipo mlendo wojambula zithunzi pamasitepe aja ayenera kudziwa kuti waima pamene panali makomo a anthu. Choyankha chilipo: deralo linali litaleka kale kusamalidwa, ndipo bwalolo labwezera moyo m'misewu yozungulira. Koma yankho limeneli limateteza ntchito yofukula yokha. Silifafaniza ngongole ya mzinda kwa osamutsidwawo. Mfundo yachiwiri ndi ya ndalama. Nyumba ya misonkhano ndi zoimbaimba ya El Batel, imene José Selgas ndi Lucía Cano anaijambula n'kutsegulidwa mu 2011, mtengo wake unakwera kupitirira kutali zimene zinakonzedwa. Apa Cartagena inaterereka pamene ena anaterereka. Ngakhale zili choncho, nyumbayo ndi yaifupi msinkhu, yotambalala motsata doko, mbali yake yaikulu inakwiriridwa pansi, ndipo sikutchinga khoma lakale la mzinda limene lili kumbuyo kwake.

Mfundo yolemera koposa ndi yakuti kukongola kwa pakati pa tauni kungabise mabala a kunja kwake. Alendo otsika m'sitima zikuluzikulu zoyendera malo amakhala maola ochepa, amaona bwalo ndi linga, n'kubwerera. Sadziwa kuti makilomita ochepa chakum'mawa kuli Mar Menor, nyanja yamchere yosaya imene inasanduka yobiriwira mu 2016 chifukwa cha feteleza wokokoloka m'minda yothirira ya ku Campo de Cartagena, ndipo mu 2019 ndi mu 2021 nsomba zinafa mulu pagombe. Anthu oposa 600,000 anasaina pempho, ndipo mu 2022 nyumba ya malamulo ya Spain inapatsa nyanjayo ufulu wotetezedwa m'khoti ngati munthu, chinthu choyamba cha mtundu wake ku Ulaya. Sindikuona kuti zimenezi zikugwetsa mfundo yanga, koma zikuika malire ake: luso limene linatsegula bwalo la Aroma silinafikebe kugombe. Ku Portmán, m'boma loyandikana la La Unión, kumene Aroma ankakwezera siliva m'ngalawa, kampani ya migodi inathira m'nyanja matani pafupifupi 60 miliyoni a zinyalala zamigodi kuyambira 1957 mpaka 1990, kufikira doko linauma n'kusanduka dambo lakuda. Ntchito yochotsa zinyalalazo inayamba mu 2016 n'kuimitsidwa mu 2019, khoti litathetsa mgwirizano wa ntchitoyo. Uli pa linga la Concepción, Portmán suiona. Yabisika kuseri kwa mapiri omwe aja a siliva.