Makina oziziritsa m'chipinda: madzi ake atulukire kuti, mpweya udzere pati?

Kale komiti yoyang'anira ntchito ya chitukuko inkawerenga matumba a simenti ndi malata, kuyang'ana ngati khoma lawongoka, n'kusayina. Masiku ano magetsi afika m'misika yambiri ya kumudzi, ndipo pa mndandanda wa zofunika m'nyumba za boma payamba kuoneka makina oziziritsa mpweya, amene ambiri timangowatchula kuti aircon. Amaikidwa m'zipinda zosungiramo mankhwala, m'malabu ndi m'zipinda za makompyuta. Ena amawaona ngati chinthu chongosangalatsa mabwana, koma pa makatoni a mankhwala ambiri pamalembedwa kuti asungidwe pamalo posatentha kupitirira madigiri 25 kapena 30, pamene chipinda cha malata m'mwezi wa Okutobala chimaposa pamenepo dzuwa lisanafike n'komwe paliwombo. N'chifukwa chake m'zaka zapitazi zipatala zambiri za m'dziko muno zidalandira tinyumba tosungiramo mankhwala tokhala ndi makina amenewa.

Anthu a ku Songani ndi midzi yozungulira, makamaka amene ali m'makomiti a VDC, ADC ndi a chipatala, ndiwo amaima patsogolo tsiku lolandira nyumba kwa kontrakitala. Tsiku limenelo mmisiri amayatsa makina, mpweya wozizira n'kuwomba, anthu n'kuwomba m'manja. Koma kuzizirako sikutsimikizira kuti ntchito yagwiridwa bwino. Chimene chimawononga nyumba pambuyo pake chimabisala m'zinthu ziwiri zimene maso sathamangirako: paipi yotulutsa madzi ndi mipita yoyendamo mpweya.

Ambiri amadabwa akamva kuti makina opanda mpopi amatulutsa madzi. Taonani botolo la chakumwa lotuluka kumene m'firiji: pakapita kamphindi limachita thukuta, ngakhale lili lotseka. Madziwo sachokera m'botolomo. Ndi chinyontho cha mumpweya chimene chagunda galasi lozizira n'kusanduka madontho, monga mame a m'mawa. M'kati mwa makina oziziritsa muli timapaipi tozizira kwambiri, ndipo fani imakoka mpweya wa m'chipinda kuti udutse pa timapaipito. Chinyontho chimatsalira pomwepo n'kumadonthera m'thireyi imene ili pansi pake. Ndipotu makina oyamba a mtundu uwu, amene Willis Carrier adakonza m'chaka cha 1902, adali a kampani yosindikiza ya ku Brooklyn, mumzinda wa New York, imene mapepala ake ankafufuma ndi chinyontho. Cholinga chidali kuumitsa mpweya, kuziziritsa kudangobwera nako. Choncho madziwa si chizindikiro chakuti makina awonongeka. Akuluakulu adati walira mvula walira matope; wofuna chipinda chozizira wafunanso madzi oti awapezere kolowera.

Kuchuluka kwa madziwa kumatsata nyengo, ndipo apa ndi pamene dera lathu lili ndi msampha wake. Songani ali m'munsi mwa mapiri a Zomba ndi Malosa, moyang'anana ndi chigwa cha nyanja ya Chilwa, nyanja yosaya komanso yopanda mtsinje wotulutsa madzi. Madzi a Domasi ndi mitsinje ina akalowa m'menemo amachoka pouluka ndi dzuwa basi. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala kumatentha koma mpweya umakhala wouma, ndipo makina amangodontha pang'ono. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, madambo ndi minda ya mpunga zitadzaza madzi, makina aakulu akhoza kutulutsa malita 20 kapena kuposa pa tsiku limodzi, kutanthauza chigubu chathunthu. Vuto n'lakuti ntchito zomanga zambiri zimatha m'chilimwe. Paipi yoikidwa molakwika imaoneka yabwinobwino pa tsiku lolandira, n'kudzaulula chinyengo chake mu Januwale, mmisiri atapita kalekale.

Makina amene tikunena pano ndi oimirira, ooneka ngati kabati yaitali. Amakoka mpweya cham'munsi n'kuutulutsira kumwamba, kumene umalowa m'mipita yopita m'zipinda. Mwa ambiri a makinawa thireyi ya madzi imakhala chapafupi ndi pansi, ndipo madzi, monga tonse tikudziwa, sakwera phiri. Paipi yotulutsa madzi iyenera kutsika sentimita imodzi kapena kuposa pa mita iliyonse, kuchokera pa thireyi mpaka kunja, popanda pena pokwera kapena polendewera. Ngati khoma lakunja lili pa mtunda wa mamita 6, paipi itsike masentimita 6. Izi sizitheka makina akakhazikidwa pa simenti penipeni. Amafunika chiunda chake, chokwera ngati buloko imodzi ya simenti, choyezedwa ndi levulo kuti thireyi isapendekere kumbali yopanda kamwa. Chiunda ichi ndi bowo lodutsa paipi m'khoma ziyenera kuganiziridwa nyumba ikumangidwa. Zikaiwalika, mmisiri amakakamizika kuswa khoma lopaka kale penti, kapena kuika kapampu kokankha madzi. Kapampuko kamagwira ntchito ndithu, koma n'chinthu chinanso choti chidzawonongeke, ndipo chikawonongeka cholowa m'malo mwake sichipezeka pa msika wapafupi.

Paipiyo isachepere mamilimita 20 m'mimba mwake. Payipi yothirira maluwa si yoyenera, chifukwa imapindika n'kutseka njira. Gawo la paipi limene lili m'nyumba likulungidwe ndi chofunda cha labala, pakuti madzi oyendamo ndi ozizira ndipo paipiyo nayo imachita thukuta ngati botolo lija.

Pafupi ndi makina paipi imapindidwa ngati chilembo cha U. Amisiri amati trap, ndipo ndi yofanana ndi ija imakhala kunsi kwa sinki. Anthu ena amaiona ngati chokongoletsa, ndipo mmisiri wothamangira kwawo amaisiya. Ntchito yake ndi iyi. Mwa makina ambiri oimirira thireyi ili mbali imene fani ikukoka mpweya. Paipi ikakhala yowongoka, fani imakokanso mpweya wakunja kudzera m'paipimo, ndipo mpweya wolowawo umabweza madzi ofuna kutuluka. Thireyi imadzaza makina akuyenda, n'kusefukira pansi, kapena madzi onse amatuluka kamodzi makina akazimitsidwa. Madzi okhala m'chigongono cha U amatseka njira ya mpweyawo n'kulola madzi ena kudutsa. Kuya kwa chigongonocho kumalembedwa m'buku la makina, ndipo komiti ili ndi ufulu wopempha kuti bukulo litsalire pa malopo. Pambali pa trap pakhale kachivundikiro kotsegula potsuka, chifukwa fumbi la m'chilimwe likakumana ndi madzi limasanduka matope, ndere n'kumeramo. Makina akakhala miyezi osayatsidwa madzi a m'chigongono amauma, choncho athiridwemo ena asanayatsidwenso.

Kumene paipi ikuthera n'kofunika mofanana. Kawirikawiri timaona kapaipi katangotulukira kukhoma n'kumadonthera m'tsinde mwa nyumba, khoma litachita mzere wobiriwira, pulasitala akuyoyoka. Kumunsi kwa chigwa cha Chilwa kuli malo a dothi la makande, limene limafufuma likanyowa n'kung'aluka likauma. Ngodya imodzi ya maziko ikamanyowa tsiku ndi tsiku pamene zinzake zili zouma, khoma limachita mng'alu kuchokera pansi. Komanso kachithaphwi kosauma ndi malo oswerana udzudzu, umene m'nyengo yotentha umakula kuchoka pa dzira m'sabata imodzi kapena masiku khumi. N'zomvetsa chisoni kuti chipinda chosungira mankhwala a malungo chizisweretsa udzudzu kuseri kwake. Madziwa apite m'dzenje lodzazidwa miyala, lokumbidwa mamita angapo kutali ndi maziko, kapena m'ngalande yoyenda madzi a mvula. Asalumikizidwe mwachindunji ku paipi ya chimbudzi, chifukwa fungo ndi tizilombo ta m'menemo zikhoza kukokedwa n'kuuziridwa m'chipinda. Kukamwa kwa paipi kukhale poonekera, kosakwiririka m'dothi, ndipo kuphimbidwe ndi kawaya ka timabowo kuti mavu asamangemo chisa cha dothi. Madziwa amaoneka oyera koma adutsa pa fumbi ndi majeremusi a m'makina. Ndi othirira maluwa ndi mitengo, osati akumwa.

Tikachoka ku madzi tifike ku mpweya. Mipita imene amisiri amaitcha duct ndi mabokosi aatali a lata, kapena mapaipi aakulu ofewa, oyenda pamwamba pa siling'i. Malo amenewo, pakati pa siling'i ndi malata, ndi otentha koposa m'nyumba yonse. Masana a Novembala akhoza kupitirira madigiri 50. Mpita wa lata wopanda chofunda ukadutsa m'menemo, mpweya umafika m'chipinda utafunda kale, makina n'kumangolira tsiku lonse, mayunitsi a magetsi akutha. M'dzinja lata lozizira lija limachita thukuta, madontho n'kumagwera pa siling'i mpaka kuibowola. Anthu amathamangira kumata malata poganiza kuti denga likudontha, pamene mvula ilibe mlandu. Choncho mpita wonse ukulungidwe ndi chofunda chokhala ndi chikopa chonyezimira kunja kwake, ndipo chikopacho chisang'ambike paliponse, chifukwa pang'ono pong'ambika ndi pamene chinyontho chimalowera.

Polumikizira mabokosiwa pamatidwe ndi phala lake kapena tepi ya aluminiyamu, osati selotepi kapena nsanza. Kutayika kwa mpweya m'malo olumikizira si nkhani yaing'ono: a Energy Star ku America amanena kuti m'nyumba wamba za kumeneko magawo 20 mpaka 30 pa 100 alionse a mpweya woyenda m'mipita amathawira m'ming'alu ndi m'malo olumikizidwa mosasamala. Ngati zili choncho kumene ntchitoyi idazolowereka, kuno tiyenera kukwera makwerero n'kukaona tokha. Mapaipi ofewa aja akhale aafupi, okokedwa bwino ndi omangiriridwa ku mitanda pafupipafupi. Akangotayidwa pa siling'i mopindikapindika amatsamwitsa mpweya, ndipo makoswe amawaboola mosavuta.

Pali chinthu china chimene ngakhale amisiri ena amachiiwala. Mpweya wolowa m'chipinda uyenera kukhala ndi njira yobwerera ku makina. Chipinda chotseka zitseko chopanda njira yotere chili ngati chigubu chodzaza kale: simungathiremo china. Pamafunika mpita wobwerera, kapena chitseko chokhala ndi timipata. Njira yobwererayi isakoke mpweya wa kudenga, kumene kuli fumbi ndi ndowe za mileme, kapena wa kuchimbudzi. Pachipatala chenjezo ndi lalikulu koposa: makinawa amazunguza mpweya womwewo, sapha majeremusi, choncho chipinda choonera odwala chifuwa chisalumikizidwe ndi zipinda zina pa mpita umodzi. Kumeneko mawindo otsegula ndi abwino kuposa kuzizira.

Gawo la makina lokhala panja, limene limataya kutentha, liikidwe pamthunzi podutsa mphepo, pa chiunda chokwera. Amene adaona madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa chifukwa chake. Chitetezo cha zitsulo choletsa akuba n'chofunika, koma chisalipanikize. Magetsi ake akhale ndi waya wakewake kuchokera pa bokosi, woikidwa ndi mmisiri wa chilolezo cha MERA, ndipo magetsi akazima n'kuyakanso, makina adikire mphindi zitatu asanayatsidwe. Funsaninso dzina la gasi wa m'makinawo, lomwe limalembedwa pa kachitsulo kam'mbali. Gasi wa R22 akuthetsedwa pa dziko lonse potsata pangano la Montreal la 1987, limene Malawi adalowa nawo, ndipo makina ogwiritsa ntchito gasi ameneyu adzavuta kuwakonza m'zaka zikubwerazi.

Nanga komiti ingayese bwanji zonsezi m'chilimwe, madzi asanayambe kuchuluka? Njira yake ndi yosafuna sukulu. Mmisiri atsegule makina, ndipo mmodzi wa inu athire pang'onopang'ono malita awiri a madzi m'thireyi makina akuyenda, wina ataima panja pakamwa pa paipi. Madziwo atuluke msanga, ndipo pansi pa makina pakhale pouma. Kenaka wina akwere m'siling'i ndi tochi, ayendetse dzanja polumikizira paliponse kuti amve ngati pakutuluka mpweya, ndipo aone ngati pali lata loonekera. M'chipinda chilichonse, chitseko chitatsekedwa, kapepala koikidwa potulukira mpweya kaziuluzika. Zimene mwapeza zilembedwe m'buku la komiti, mmisiri asayine.

M'mapangano a ntchito zomanga, gawo lina la ndalama limasungidwa kwa miyezi ingapo kuti kontrakitala abwerere kudzakonza zolakwika zotulukira pambuyo. Funsani kuti nthawi imeneyi ikutha liti, ndipo ngati n'kotheka idutse dzinja limodzi. Mukaona dontho pa siling'i, khoma lonyowa kapena fungo la chuku nthawiyo isanathe, dziwitsani khansala wa wodi yanu ndi ofesi yoona za zomangamanga ku khonsolo ya Zomba kudzera m'kalata, ndipo komiti isunge kope lake. Pa tsiku lolandira lomwelo asankhidwenso munthu mmodzi wa pa malopo, ndipo mmisiri amuonetse kachotsedwe ka sefa ya fumbi ndi katsegulidwe ka trap. Sefayo imatsukidwa ndi madzi kamodzi pa mwezi, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi likachuluka, kawiri.