Filiji yoyendera moto ikasiya kuziziritsa, tiyambire pati?

Anzanga, mukamva kuti pali filiji yomwe imaziziritsa zinthu pogwiritsa ntchito moto, musaganize kuti ndi nthabwala. Mafiliji otere alipo ndithu. Ena ndi a palafini, ngati omwe ankasungira katemera m'zipatala za kumudzi asanabwere a sola. Ena ndi a gasi, ang'onoang'ono, ochokera m'galimoto zija za anthu oyendayenda zokhala ndi bedi ndi khitchini mkati. Malume anga anabwera ndi yotereyi kuchokera ku Joni, yakale kwambiri, ndipo amaziziritsiramo zakumwa ndi madzi a malambe pagolosale pawo. Ndalama ya fizi yanga imachokera pamenepo. Kuno ku Chapananga mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndiye filiji ikangofooka makasitomala amapita kwina.

Tiyambe ndi mmene imagwirira ntchito. Madzi a mumtsuko amazizira chifukwa ena amatulukira m'timabowo ta dothi n'kuuma, ndipo pouma amatenga kutentha. Thukuta limachitanso chimodzimodzi pathupi. Filijiyi imatsata nzeru yomweyo, koma chomwe chimasanduka mpweya ndi amoniya, yemwe amawira pa madigiri 33 pansi pa ziro. M'mapaipi ake akuda a kumbuyo muli zinthu zitatu: amoniya, madzi ndi mpweya wa haidrojeni. Kamoto kamatenthetsa madzi osakanikirana ndi amoniya. Amoniya amakwera ngati nthunzi, amakazizira m'timalata ta pamwamba kumbuyo n'kusanduka madzimadzi. Kenako amatsikira m'paipi ya mkati mwa filiji, amakumana ndi haidrojeni n'kusandukanso mpweya, ndipo apa ndi pomwe amayamwa kutentha kwa zakumwa zija. Akatsika pansi madzi amamumwanso, ulendo n'kuyambiranso. Mulibe injini, n'chifukwa chake simamveka phokoso. Anaitulukira mu 1922 ndi ophunzira awiri a ku Sweden, Baltzar von Platen ndi Carl Munters, ndipo kampani ya Electrolux inayamba kuigulitsa mu 1925. Eti anali ana asukulu ngati ife tomwe, kungoti a kukoleji.

Tsono ikasiya kuziziritsa, musathamangire kunena kuti gasi wa mkati watha. Yambani ndi zosafuna ndalama.

Choyamba, onani ngati yaima mowongoka. Popeza mulibe pampu, madzi a m'mapaipi amayenda okha potsetsereka. Filiji ikapendekeka, madziwo amaima malo amodzi ndipo ulendo uja umaduka. Ngati mulibe levulo ya amisiri omanga, ikani mbale ya madzi pamwamba pake muone ngati madzi akupendekera mbali imodzi. Pansi pa nyumba zathu zozira pamakhala pokumbikakumbika, choncho ikani thabwa kapena njerwa. Izi n'zofunika kwambiri, chifukwa ikayaka nthawi yaitali ili chopendekeka, pomwe pali moto pamatentha mopitirira, mankhwala oteteza dzimbiri a mkatimo amauma n'kutseka paipi. Ikatsekeka choncho, nthawi zambiri basi yatha.

Chachiwiri, yang'anani lawi. Lawi labwino ndi la buluu ndipo limayaka mosadukiza. Likakhala lachikasu kapena likufuka utsi, ndiye kuti china chake chatsekeka. Kabowo kotulukira gasi n'kakang'ono kwambiri, moti fumbi, dzimbiri, ukonde wa kangaude ngakhale dothi la mavu zimakatseka. Tsekani gasi, dikirani kazizire, mukatsuke ndi spiriti n'kukapemerera. Osalowetsamo singano kapena waya ayi, bowo likakula lawi limaonongeka. Ngati ndi ya palafini, dulani chingwe chake chikhale chofanana, ndipo palafini akhale woyera, wopanda madzi. Pamwamba pa lawi pali kachumuni. Mwaye ukadzazamo, kutentha sikufika bwino pa paipi. Mkati mwake mumalendewera kachitsulo kopotoka. Katulutseni, pukutani chumuni ndi kansalu komangirira kuwaya, kenako mukabwezeretse, chifukwa ndi kamene kamachedwetsa kutentha kuti kasathawe msanga.

Chachitatu ndi mpweya wa kumbuyo, ndipo kwathu kuno vuto lalikulu ndi limeneli. Kutentha konse kochokera mkati kumatulukira m'timalata tija. Mukaikankhira kukhoma, kapena kuunjika makatoni a sopo ndi matumba a shuga pamwamba, kutenthako kumasowa kopita. Golosale ya malata yopanda siling'i masana imakhala ngati uvuni, ndiye amoniya amalephera kusanduka madzimadzi. Siyani mpata kumbuyo ndi pamwamba, sesani fumbi ndi kaburashi, ndipo filiji ikhale mbali yomwe dzuwa la masana siliomba. Ena amaika kafani kakang'ono ka sola kumbuyo, kamathandiza zedi.

Chachinayi, labala wa pachitseko. Filiji ikakalamba labala amauma n'kung'aluka. Panani pepala ndi chitseko, mulikoke. Likatuluka mosavuta, mpweya wotentha ukulowa pamenepo. Yesani mbali zonse zinayi. Onaninso ayezi. Ambiri amasangalala akaona ayezi wambiri, koma akakhuthala amaphimba chitsulo chozizira ngati bulangete. Zimitsani asungunuke yekha. Osagoba ndi mpeni, mungaboole paipi. Musaikemo thobwa lotentha, musaidzaze mothinana, ndipo chepetsani kutsegulatsegula.

Zambiri za m'galimotozi zimayenderanso magetsi kapena batire la mavoti 12. Apa pali njira yabwino yodziwira pomwe pali vuto. Ngati pamagetsi ikuzizira koma pagasi ayi, mapaipi ali bwino, vuto lili ku lawi. Ngati kulikonse sikuzizira koma paipi ya pafupi ndi moto ikutentha, vuto lili mkati. Koma musaweruze msanga: filiji yamtunduwu ndi yochedwa, ipatseni usiku wonse. Pabatire musaidalire, imalimaliza m'maola ochepa.

Amisiri ena amaizimitsa, kuichotsa pagasi, n'kuitembenuza chadodolido kwa tsiku, kenako kuiimika tsiku lina isanayatsidwe. Zimathandiza nthawi zina ngati madzi anangoima malo olakwika, koma paipi yotsekeka ndi mankhwala ouma siitseguka motero.

Pali pomwe tiyenera kulekera. Mukamva fungo loluma m'mphuno ndi m'maso, kapena mukaona ufa wachikasu pamapaipi, amoniya watuluka. Zimitsani, tsegulani mawindo, ufawo osaugwira ndi manja chifukwa ndi poizoni. Mapaipi amenewa osawadula kapena kuwawotcherera, mkati muli mpweya wopanikizika woti utha kuyaka. Pofufuza ngati gasi akudontha, pakani madzi a sopo polumikizira muone thovu, osati kuyatsa machesi. Ndipo isamayake m'chipinda chotseka chomwe mumagona anthu, chifukwa lawi losayaka bwino limatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo.

Amisiri a mafiliji ali kutali, ku Boma, ku Nchalo kapena ku Blantyre, ndipo tonse tikukumbukira mmene maulendo anavutira namondwe Ana ataononga mlatho wa pa Mwanza mu Januwale 2022. Musanalipire thiransipoti, onani zinayi zija: kuima, lawi, mpweya ndi labala. Nthawi zambiri vuto limapezeka pamenepo, ndipo mbale ya madzi, pepala ndi kansalu tonse tili nazo kunyumba.

Wophunzira wa Fomu 2