Apendikisi Ikakanirira Pamwamba pa Ntchafu

Mbuzi ikaona msipu kunja kwa khola imalowetsa mutu pakampata ka pakati pa mitengo. Kulowa sikuvuta, nkhani imagona potuluka: nyanga zimakola, ikamadzikoka khosi limatupa, kampata kaja n'kucheperachepera. Umu ndi mmene amakhalira matenda otchedwa De Garengeot hernia, amene dokotala wa ku France, René-Jacques Croissant de Garengeot, anawafotokoza mu 1731.

Pamwamba pa ntchafu, pambali pa mitsempha ikuluikulu ya magazi yotsikira kumwendo, pali kanjira kopapatiza kochokera m'mimba. Pamenepa pakafooka, makamaka kwa amayi achikulire, mafuta kapena matumbo amatulukirapo. Mwa apo ndi apo chotulukacho chimakhala apendikisi, kathumbo kaja ka kumanja kwa mimba. Khomo la kanjirako ndi lolimba, silitamuka, choncho kathumboko kamafinyika, magazi osafikako, n'kuyamba kutupa ndi kuwola.

Wodwala amangoona kachotupa kowawa kumanja kwa mphechepeche, mwina kofiira, kokana kubwerera m'kati ukakadina. Ena amati ndi mwanabere, n'kumathowa ndi madzi otentha. Chonyenga china n'chakuti mimba yonse imatha kukhala yofewa bwinobwino, poti khomo lothina lija limatsekereza mafinya m'chotupa momwemo. Sikani ya CT imatha kuonetsa kathumboko kali m'chotupamo, koma nthawi zambiri dokotala amakatulukira atang'amba kale. Kwa ine zimenezi si zodandaulitsa kwenikweni: chotupa chokanirira pamalo amenewa chimafuna opaleshoni yachangu, kaya m'katimo muli chiyani.

Mbuzi yokanirira sitiikoka ndi mphamvu, timakuza mpatawo kaye. Nayenso dokotala amang'amba pamphechepeche, kapena kuboola timabowo pamimba n'kulowetsa kamera, kenako amamasula khomo lija mosamala, chifukwa mtsempha waukulu uli pomwepo. Akatero amamanga apendikisi patsinde, n'kuidula, n'kutsuka pamalopo.

Chotsala ndi kutseka mpata kuti pasadzatulukenso kanthu. Ngati pali paukhondo, ena amaikapo kaukonde kochita kupanga kolimbitsira minofu. Koma pakakhala mafinya kapena kathumboko katabooka, ambiri amaopa kuti tizilombo tingamange nthenje pakaukondeko, ndiye amangosoka minofuyo ndi ulusi wosasungunuka, wodwala n'kupatsidwa mankhwala opha tizilombo kwa masiku angapo.