Tizilumba Timene Tinakakamiza Mayiko Akuluakulu Kumvetsera

Pa 17 Okutobala 2009, nduna za boma la Maldives zinachitira msonkhano pansi pa nyanja. Zinavala zovala za anthu osambira mozama, zinabereka mabotolo a mpweya kumsana, n'kumira mpaka mamita ngati 6. Pansi pomwepo panali patayikidwa kale matebulo. Pulezidenti wa dzikolo, Mohamed Nasheed, anakhala pamodzi ndi nduna zake, nsomba zikungodutsa m'mbali mwawo. M'madzi munthu sangayankhule, choncho ankamvana ndi manja. Pomaliza anasayina chikalata chopempha mayiko onse kuti achepetse mpweya umene ukutenthetsa dziko lapansi.

Ana inu, mwina mukuganiza kuti akuluakuluwa ankasewera. Ayi ndithu, anali ndi mantha. Maldives ndi dziko la tizilumba pafupifupi 1,200 m'nyanja ya Indian Ocean, ndipo nthaka yake yambiri inangokwera mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi. Dziko lapansi likamatentha, madzi oundana a m'mapiri ataliatali ndi a ku Greenland ndi Antarctica amasungunuka n'kukathira m'nyanja. Komanso madzi akatentha amafufuma. Nyanja ikukwera pang'onopang'ono, ndipo anthu a ku Maldives alibe phiri loti n'kuthawirako.

Funso n'lakuti, bwanji sanangokonza okha vuto lawolo? N'chifukwa chiyani anachita kupempha mayiko ena?

Yankho lili mu mpweya. Tikawotcha malasha, petulo, dizilo kapena gasi, pamatuluka mpweya wotchedwa carbon dioxide. Suoneka, sununkha, koma ukakwera m'mwamba umagwira ntchito ngati bulangete: dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweyawu umatsekereza kutenthako kuti kusathawe konse. Bulangete limodzi n'labwino, popanda ilo dziko lonse likanakhala lozizira zedi. Vuto ndi lakuti kwa zaka zoposa 150 anthu akhala akuwonjezera mabulangete pamwamba pa anzake.

Mu 1958 wasayansi wina wa ku America, Charles Keeling, anayamba kuyeza mpweyawu pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii. Malowa ali pakati penipeni pa nyanja ya Pacific, kutali kwambiri ndi mafakitale akuluakulu. Anapeza kuti pa tizigawo 1 miliyoni ta mpweya, 315 tinali ta carbon dioxide. Chaka ndi chaka nambalayo inkakwera, ndipo lero yadutsa 420. Taganizirani bwino zimenezi. Utsi wa fakitale ya ku Germany kapena ku China sukhala pamwamba pa fakitaleyo. Mphepo imausakaniza n'kuufalitsa dziko lonse lapansi, ndipo wina umakhala m'mwamba zaka mazanamazana. Palibe msilikali wapamalire amene angauimitse. Ngakhale anthu a ku Maldives atazimitsa galimoto zawo zonse ndi majenereta awo onse lero, nyanja ipitirizabe kukwera, chifukwa gawo lawo pa utsi wa dziko lonse ndi lochepetsetsa.

Apa ndi pamene nkhaniyi imawawa mtima. Africa yense, ndi anthu ake oposa 1 biliyoni, amatulutsa zosakwana 4 peresenti ya carbon dioxide wochokera ku malasha, mafuta ndi gasi. Koma taonani zimene zinachitika mu 2023. Namondwe wa Freddy anabadwira kufupi ndi Australia, anawoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, anawomba Madagascar ndi Mozambique, kenako mu Malichi anakhuthulira mvula kumwera kwa Malawi. Anakhala masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wamtunduwu amene anayezedwa n'kupezeka kuti anakhalitsa chotero. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anachoka m'nyumba zawo. Ena mwa inu munaona ndi maso, mwina sukulu yanu inasanduka msasa. Anamondwe analipo kuyambira kalekale, koma asayansi akuti mpweya ndi nyanja zikatentha, namondwe amasenza mvula yochuluka kuposa kale.

Choncho mayiko ayenera kukumana. Anayamba mu 1992 ku Rio de Janeiro, ku Brazil, kumene anagwirizana pansi pa bungwe la United Nations kuti kusintha kwa nyengo ndi vuto la onse. Kuyambira mu 1995, pamene anasonkhana ku Berlin, nthumwi zawo zimakumana pafupifupi chaka chilichonse pa msonkhano wotchedwa COP, ndipo msonkhano uliwonse uli ndi nambala yake. Mukamva pa wailesi kuti COP27 kapena COP30, dziwani kuti ndi umenewu.

Msonkhanowu uli ndi mwambo wodabwitsa: mfundo zikuluzikulu sazidutsitsa poponya mavoti. Mayiko pafupifupi 200 amayenera kufika pomvana onse. M'chipinda chimodzi mumakhala Saudi Arabia, imene chuma chake chimadalira kugulitsa mafuta, India, imene ikufuna magetsi okwanira anthu ake oposa 1.4 biliyoni, United States, imene yatulutsa utsi wambiri kuposa dziko lina lililonse tikawerengera kuyambira kale, ndiponso Tuvalu, kadziko ka anthu ngati 11,000. Onsewa avomereze pepala limodzi! N'chifukwa chake misonkhanoyi kawirikawiri imapitirira tsiku lotsekera, nthumwi zikukangana usiku wonse, ena akuwodzera pamipando. Nthawi zina zimakanika ndithu. Miyezi iwiri nduna za ku Maldives zitavuuka m'madzi muja, msonkhano wa ku Copenhagen unatha popanda pangano limene anthu ankayembekezera.

Komabe mwambo womwewo umapatsa mphamvu mayiko ang'onoang'ono, chifukwa mayiko ena sangangowapondereza ndi kuchuluka kwa mavoti. Ndipo tizilumba tinaphunzira msanga kuyendera limodzi. Mu 1990 tinapanga gulu lotchedwa AOSIS kuti tiziyankhula ndi mawu amodzi.

Mphamvu ya gululi inaoneka pa msonkhano wa COP wa ku Paris mu 2015. Mayiko ambiri olemera ankati n'zokwanira kuonetsetsa kuti kutentha kwa dziko lapansi kusakwere kuposa madigiri 2, poyerekeza ndi mmene kunalili mafakitale asanachuluke. Tizilumba tinakana, tinati malire akhale madigiri 1.5. Mwina mukudabwa kuti theka la digiri n'chiyani. Asayansi atafufuza, mu 2018 anafotokoza kuti kutentha kukafika madigiri 1.5, makorali, amene ndi matanthwe amoyo a m'nyanja momwe nsomba zambiri zimaswanirana, adzafa 70 mpaka 90 pa 100 alionse. Kukafika madigiri 2, adzatha pafupifupi onse. Anatinso theka la digiri limeneli lingapulumutse anthu okwana mpaka 10 miliyoni ku mavuto a kukwera kwa nyanja.

Amene anatsogolera nkhondo imeneyi ku Paris anali bambo wachikulire Tony de Brum, nduna yoona zakunja ya Marshall Islands, dziko la anthu ochepa kuposa a mumzinda wa Zomba. Kwa miyezi ingapo anakhala akukambirana mwakachetechete ndi nduna za mayiko ena, olemera ndi osauka omwe, mpaka gulu lake linakula n'kukoka European Union, United States ndi Brazil. Pa 12 Disembala 2015, tsiku limodzi pambuyo pa tsiku limene msonkhano unayenera kutha, wapampando Laurent Fabius wa ku France anamenya patebulo kahamala kobiriwira, ndipo anthu anaimirira, kukumbatirana, ena kulira. Nambala ya 1.5 inalowa mu Pangano la Paris. Itafika nthawi yoti Marshall Islands inene mawu ake omaliza, de Brum anapereka mpatawo kwa mtsikana wa zaka 18, Selina Leem, kuti ndiye ayankhule pamaso pa mayiko onse.

Sindikufuna kukunamizani kuti Pangano la Paris linathetsa vuto. Dziko lililonse limasankha lokha kuchuluka kwa utsi umene lichepetse, ndipo limayenera kubweretsa lonjezo lamphamvu kuposa loyamba pakatha zaka 5 zilizonse. Dziko likalephera, palibe wapolisi wolimanga. United States inatulukamo mu 2020, inabwereramo mu 2021, ndipo mu Januwale 2025 inalengezanso zotuluka. Chaka cha 2024 chinali chotentha kuposa zaka zonse zimene zinayezedwa chisanafike, ndipo chinadutsa pang'ono madigiri 1.5 aja. Koma palinso china choyenera kudziwa. Pangano la Paris lisanabwere, akatswiri ankaona kuti pofika chaka cha 2100 dziko lidzatentha ndi madigiri pafupifupi 4. Tsopano akuti mwina pakati pa 2.5 ndi 3. Kutenthaku n'koopsabe, koma kusiyanako ndi miyoyo ya anthu mamiliyoni, ndipo ine ndikuona kuti amene amati misonkhanoyi n'kutaya nthawi chabe amalakwitsa.

Mkangano wovuta kuposa yonse ndi wa ndalama. Mlatho ukakokoloka, munda ukakwiririka ndi mchenga, alipire ndani? Mu 1991 dziko la Vanuatu, m'malo mwa tizilumba tonse, linapempha kuti pakhale thumba la ndalama lothandiza mayiko owonongedwa ndi kukwera kwa nyanja. Mayiko olemera anakana, poopa kuti akavomera ndiye kuti avomera mlandu. Anakana chaka chimenecho, chaka chotsatira, mpaka zaka 31. Mwana amene anabadwa pempholi likuperekedwa anali atakula n'kukhala ndi ana ake pamene linavomerezedwa. Mu 2021 Scotland inayamba yokha kupereka ndalama zamtunduwu, ndipo zina zinafika ku Malawi. Mu 2022 madzi osefukira anavutitsa anthu 33 miliyoni ku Pakistan, ndipo chaka chomwecho, pa COP27 ku Sharm el-Sheikh, ku Egypt, mayiko osauka anaima pamodzi osagwedezeka mpaka thumbalo linavomerezedwa. Chaka chotsatira ku Dubai mayiko analonjeza kuikamo madola pafupifupi 700 miliyoni. Zikumveka zambiri, koma zimene Freddy yekha anawononga ku Malawi kokha zinaposa madola 500 miliyoni. Thumba la dziko lonse lapansi likanatsala pang'ono kuthera pa namondwe mmodzi m'dziko limodzi. Zimenezi n'zosakwanira, ndipo mayiko olemera akudziwa.

Malawi samangokhala chete m'zokambiranazi. Ali m'gulu la mayiko osauka oposa 40, ambiri a mu Africa, amene amayankhula ndi mawu amodzi monga amachitira a tizilumba. Pa COP29 ku Baku mu 2024, wapampando wa gululi anali Mmalawi, Evans Njewa. Zokambirana za ndalama zitavuta, nthumwi za gulu lake ndi za tizilumba zinanyamuka n'kutuluka m'chipinda posonyeza kuti sizikumvedwa. Pamapeto pake mayiko olemera analonjeza kutsogolera popeza madola 300 biliyoni pachaka pofika 2035. Mayiko osauka ankafuna zoposa 1 thiriliyoni, ndipo anabwerera kwawo osakhutira.

Ena amene anatopa n'kudikira anali ophunzira. Mu 2019, ophunzira zamalamulo 27 a pa University of the South Pacific, pa nthambi yake ya ku Vanuatu, anafunsana m'kalasi kuti: kodi kuteteza nyengo ndi chifundo chabe chimene dziko lingachite likafuna, kapena ndi lamulo? Anaganiza zokafunsa khoti lalikulu la dziko lonse, International Court of Justice, limene lili ku The Hague, ku Netherlands. Ophunzira sangapite okha kukhotili, choncho analembera makalata atsogoleri a mayiko a m'dera lawo. Boma la Vanuatu linavomera, linayendera mayiko ena kupempha thandizo, ndipo mu Malichi 2023 msonkhano waukulu wa United Nations unagwirizana kutumiza funsolo kukhoti. Mu Disembala 2024 oweruza anakhala masabata awiri akumvetsera mayiko oposa 90. Mmodzi wa ophunzira aja, Cynthia Houniuhi wa ku Solomon Islands, anaima pamaso pawo n'kufotokoza za kwawo.

Pa 23 Julayi 2025 oweruza onse anapereka yankho limodzi. Anati mayiko ali ndi udindo mwalamulo woteteza nyengo, ndipo dziko lonyalanyaza udindowu lingafunike kulipira amene avulazidwa. Yankholi ndi uphungu, silikakamiza dziko lililonse kutulutsa ndalama mawa. Koma tsopano maloya a ku Vanuatu, ku Mozambique kapena ku Malawi angalitenge popita kukhoti kapena ku COP. Ntchito imene yatsala ndi yovuta: kusonyeza kuti pa mvula imene inagumula mlatho wakutiwakuti, gawo lotani linabwera chifukwa cha kutentha kwa dziko, ndiponso utsi wa dziko liti unachititsa zochuluka motani. Asayansi anayamba kale kuwerengera zoterezi. Atafufuza anamondwe a Ana ndi Batsirai a mu 2022, anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvula yawo, koma anadandaula kuti malo oyezera mvula m'dera lathu lino ndi ochepa kwambiri moti sanathe kunena kuti inawonjezeka ndi mlingo wotani.