Chotupa kutsogolo kwa khutu: opareshoni ndi wudhu wa wodwala

M'midzi yathu ya m'mphepete mwa nyanja, kuchokera ku Mangochi mpaka ku Nkhotakota, dzuwa limaotcha mutu, makutu ndi nkhope tsiku lonse. Abale athu achialubino ndiwo ali pachiopsezo chachikulu cha khansa ya pakhungu. Imayamba ngati kachilonda kosapola. Ikalekereredwa, imafalikira ku anabere a m'chiwalo chopanga malovu chimene chili kutsogolo kwa khutu, chija chimatupa mwana akadwala matsagwidi.

Zikafika apo, madokotala amachotsa chilondacho pamodzi ndi gawo la chiwalocho kapena chonse, mwinanso ndi anabere a m'khosi. Ntchitoyi imafuna dzanja lodekha, pakuti mtsempha woyendetsa nkhope umadutsa mkati momwemo. Ukavulala, mlomo umapotoka ndipo diso limakanika kutsinzina. Ngati udangokhudzidwa osaduka, nthawi zambiri umachira m'miyezi ingapo. Ambiri amalandiranso radiotherapy pambuyo pake.

Mabanja ena amazengereza, amvekere mpeni umakwiyitsa khansa, ena n'kumati kukhala chete ndiko kuyedzamira mwa Allah. Ife tikuti kufuna mankhwala sikutsutsana ndi tawakkul, ndipo chokulitsa matendawa ndi kuchedwa. Mukaona chotupa cholimba chosaphwa, thamangirani kuchipatala kuti akakutumizeni ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Nanga wudhu? Wodwala asanyowetse bala. Asambitse malo abwinobwino, apake dzanja lonyowa pamwamba pa bandeji, ndipo otsatira Imam Shafi'i awonjezere tayammum. Ngati dokotala waletsa kusujudu, m'malo mwa kusujuduko akhale pansi n'kuweramako pang'ono.