Musanagule kamba, dekhani kaye

Pa TikTok kamba amaoneka chiweto chosavuta: sauwa, saba nkhuku. Kwathu kuno ku Thyolo, wina akam'tola kutchire akhoza kukutsatsani pamtengo wa bandulo ya intaneti. Ine ndimati dekhani.

Kamba ndi nyama yakutchire, ndipo kumusunga pakhomo kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Komanso ena amakhala zaka zoposa 50, mwina adzakuperekezani kumanda ndi iyeyo.

Chilolezo chikapezeka, m'mangireni khola la dzuwa, mthunzi ndi madzi osaya. Azidya udzu ndi chisoso, osati mkute, koma musakazule m'minda ya tiyi mopoperedwa mankhwala. Chiperoni cha June chikafika, muyalireni udzu wouma pobisala. Zoboola chigoba n'kumangapo chingwe zija ayi ndithu, chigobacho chimamva ululu.